Mibulu Khumi ya Bakitirimu M'sutikesi Mwako

Ndirande, Lachisanu masana

Yankho mwana wanga,

Pamene ndikulemba kalatayi iwe uli ku Chinyonga kotsanzikana ndi azakhali ako, ndipo ndikudziwa kuti sakutaya msanga, poti munthu uja akayamba malangizo amayambira kwa Adamu ndi Hava. Ine ndakhala pakhonde pano, makina osokera ndawavundikira, kope ndaika pamwamba pake. Makasitomala awiri ndawabweza kale, ndawauza kuti lero telala ali pa holide. Mawa m'mamawa ukukwera basi ya ku Mzuzu kukayamba koleji, ndipo ine ndine wokondwa, usakayike. Kutchalitchi akudziwa, kumsika akudziwa, ngakhale kondakitala wa minibasi ndinamuuza dzana asanandifunse n'komwe. Anangoti zikomo, n'kundipempha kuti ndisunthe pang'ono.

Koma pali chimene chandikhazika pansi. M'mawa uno utatuluka ndinatenga sutikesi yako kuti ndikonze zipi ija imagwiragwira. Sindimafufuza ayi, usayambe kukwinya nkhope. Ndikuchotsa nsapato zako zakuda kuti ndipeze pogwira, m'nsapato ya kumanzere munagwa kapepala kopindapinda. Kukatsegula, mibulu khumi yoyera, ya mzere pakati. Sindinasowe ndi magalasi omwe. Ndi bakitirimu wanga, wa m'botolo lija la pamwamba pa kabati, amene ndimamwa m'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi. Ndinakhala pabedi pako mpaka madzi amene ndinatereka anaphwera m'poto.

Sindikukuyesa wakuba. Ndikudziwa kumene nzeruyi yachokera. Lamulungu lapitali ndinamumva mnzako Loveness akukuwerengera zotenga, ati sopo, ndowa, loko wa sutikesi, panado, ndiye bakitirimu, chifukwa nyemba za kukoleji zimatsegula m'mimba ndipo kuzizira kwa ku Mzuzu kumabweretsa chifuwa. Ine ndinali ndi mapini kukamwa, ndinangoti ndilankhula bwino pambuyo pake, n'kuiwala. Komanso ndikudziwa kuti zaka zonsezi ndakhala ndikungokuuza kuti botolo limenelo usalikhudze, osakuuza chifukwa chake. Iwe unkayesa kuti ndi kuumira kwa amayi, monga ndimachitira ndi sizasi yanga ya nsalu. Wolakwa ndine, chifukwa kuletsa mwana popanda chifukwa n'kumuitanira komweko.

Tsono imva bwino, ndipo mzere uwu uuwerenge kawiri. Bakitirimu amakuwenga, Yankho. Si kuwenga kwa timatuza toyabwa tomwe timatha ndi mafuta ayi. Unamwapo uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo tinatsala pang'ono kukutaya. Ukadzamwanso, thupi lako lidzamukumbukira, ndipo ulendo wachiwiri umakhala wachangu ndi woopsa kuposa woyamba. Mpaka lero ukapita kuchipatala ndimakhala pambali pako, adokotala asanagwire cholembera ine ndalankhula kale, iwe uli pa foni. Kuyambira mawa pambali pako sipakhala munthu. Pakamwa pamene pakupulumutse ndi pako pomwe.

Ndiyambire kutali pang'ono, upirire, magazi a azakhali ako ndi bambo ako anandilowerera. Uli ndi zaka zinayi ndinadwala mpaka masiketi anga ndinkawabweza m'chiuno mwezi ndi mwezi. Chifuwa chosatha, m'mimba mosamanga, zilonda m'kamwa. Za kuyezetsa kwathu, ine ndi bambo ako, ndinakuuza uli Fomu 1, ndipo unangoyankha kuti unkadziwa kale poti mabotolo unkawaona, ine n'kutsala kukamwa yasa. Iwenso anakuyeza nthawi imene ndinadwalayo, anakupeza ulibe kachilombo. Kuchipatala, pamodzi ndi mankhwala otalikitsa moyo, anatipatsa bakitirimu woti tizimwa m'bulu umodzi tsiku lililonse. Anamwino anafotokoza kuti m'kam'bulu kamodziko muli mankhwala awiri ophatikiza, ena a mtundu wa salufa, ndipo awiriwo amathandizana kugonjetsa tizilombo ta mabakiteriya, toyambitsa chibayo, kutsegula m'mimba ndi matenda ena okonda munthu amene chitetezo chake chatsika. Sipanathe miyezi itatu chifuwa chinathawa, masiketi aja ndinayamba kuwamasula. Azimayi omwe ankandinong'ona potunga madzi anayamba kundifunsa kuti ndikudya chiyani.

Kulakwa kwanga koyamba kunabadwira m'kuyamika. Munthu akachira amasanduka mlaliki, ndipo ine ndinalalikira bakitirimu Ndirande yonse. Chitini cha mabisiketi chija ndimasungiramo mabatani, masiku amenewo chinali chipatala. Ndinkaponyamo mibulu yanga ina, ndi mapilisi alionse otsala amene munthu wasiya, ofiira ndi achikasu omwe, opanda ndi pepala lomwe. Kasitomala akabwera kudzayezetsa diresi n'kutsokomola kamodzi, ine tepi ili m'chiuno mwake, ndamulembera kale mankhwala: iwiri m'mawa, iwiri madzulo. Wa chimfine ndinkamupatsa, wa mutu ndinkamupatsa, wa dzino ndinkamupatsa. Pakatha masiku anayi wa chimfine uja ankabwera kudzathokoza kuti wachira, ine n'kumayenda ngati ndavala gauni yoyera. Sindinkadziwa kuti chimfine chimatha chokha, umwe usamwe, ndipo kuti kachilombo kake si ka mtundu umene bakitirimu amapha. Anthu anandipatsa dzina loti adokotala a pakhonde, ndipo ndinkavomera ndi mtima wonse.

Amene sanakopeke ndi amake Shaibu, a nyumba yoyang'anana nafeyi, omwe amakusungira samusa ya pansi pa beseni mpaka lero. Chaka china chitopa chinalowa m'khola mwawo. Ine ndi chifundo changa ndinapita ndi mibulu itatu, ndinaiphwanya ndi supuni, n'kusungunula m'madzi a nkhuku. Iwo ankangondiyang'ana atagwira m'chiuno. Kutacha, nkhuku zinayi zili gone, tambala yekha ali chiimire. Ndinauza aliyense kuti tambalayo ndamupulumutsa ndine, kuti zinazo ndinazipeza mochedwa. Tsiku lotsatira tambala naye anatsatira akazi ake. Amake Shaibu anabwera pakhonde pano atamugwira miyendo, n'kunena kuti, "Amake Yankho, udokotala wanuwu uthere pa nkhuku pompa. Pa munthu musadzayese." Ndinaseka mpaka kugwetsa misozi, iwonso anaseka. Ndikanamva tsiku limenelo, bwenzi kalatayi ili ya za sopo ndi ndowa.

Kulakwa kwachiwiri ndinachitira amalume ako a Dyson, ndipo ukadzabwera pa holide udzawafunse chifukwa chake amakhala chopendekera pampando. Nthawi imeneyo ankawotcherera zitsulo ku Makata, ndiye chithupsa chinawatuluka pamalo oti munthu sungaonetse mlongo wako. Anapita kuchipatala mwaulemu wake, anawafinya, n'kuwapatsa bakitirimu wa masiku asanu, n'kuwauza kuti amalize yense ndipo azimwa madzi ambiri. Tsiku lachiwiri ululu unatha. Anabwera kuno akuimba mluzu, ndipo ine mlongo wawo wanzeru ndinawauza kuti mankhwala si ndiwo zoti mpaka utsuke mbale, ukapeza bwino umasiya, otsalawo aponye m'chitinimu athandize ena. Anaponyadi. Patatha sabata chithupsa chinabwerera ndi abale ake awiri, mwendo unatupa, ntchito anajomba milungu iwiri akugona chafufumimba pamphasa. Atabwerera kuchipatala bakitirimu uja sanagwirenso, anachita kuwasinthira mankhwala ena ndi jakisoni pamwamba. Adokotala anawauza kuti tizilombo ukatisiyira panjira, totsalato timadzuka titaphunzira nkhondo. A Dyson sanandiulule. Anangondiuza kuti tsiku lomwe ndidzadwale chithupsa adzabwera ndi makina awo owotcherera.

Uone mmene munthu amaumira mutu, mwana wanga. Nkhuku zinandichenjeza, amalume ako anandichenjeza, koma chitini sindinachitaye. Ndinkati nkhuku ndi nkhuku, ndipo a Dyson ndi thupi lawo lovuta. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndi manja awiri.

Tsopano ndafika pa iwe. Unali Sitandade 1, mano a kutsogolo atagweluka, ukulankhula ngati ketulo yotuluka nthunzi. Unabwera kuchokera kusukulu Lolemba ukutsokomola, thupi lili lofunda. Sabata imeneyo ndinali ndi madiresi asanu ndi atatu a aperekezi a ukwati wa ku Chemusa, ukwatiwo Loweruka, ndipo mayi wa mkwatibwi ankabwera kawiri patsiku kudzandipumira m'khosi. Bambo ako anali paulendo ndi lole ya kuntchito kwawo. Ndinaganiza za mzere wa kuchipatala, woti ukafika mbandakucha umatuluka dzuwa litapendeka, ndinayang'ana nsalu zili mbwee, kenako ndinayang'ana pamwamba pa kabati. Ndinati mankhwala amene andiukitsa ine angalephere kachifuwa ka mwana? Ndinathyola m'bulu pa mzere wake, theka ndinaliphwanya pa supuni, n'kuthira shuga ndi timadzi. Unakana, unati akuwawa. Ndinakulonjeza kuti ndikusokera chidole cha nsalu zotsala za aperekezi, ndipo unayasama. Theka m'mawa, theka madzulo, tsiku ndi tsiku.

Lachisanu chifuwa chinali chitachepa, koma pamsana ndi pamimba panatuluka timadontho tofiira, maso nawo anafiira, ndipo unati kumero kukuwawa. Apa ndi pamene ndinalakwa kulakwa kwenikweni, ndipo ndikufuna upamvetse. Ndinayang'ana tizidzolo tija n'kunena kuti ndi chikuku, matenda akutuluka, ndiye mankhwala akugwira ntchito, tisasiye. Ndinapitiriza kukumwetsa chinthu chomwe chinkakuwotchacho, Lachisanu lonse, Loweruka lonse, ndikukusisita mutu ndi kukuuza kuti limba mtima. Madiresi ndinapereka, ukwati unayenda bwino, ndinamva kuti aperekezi anaoneka ngati maluwa. Lamulungu m'mawa milomo yako inali itatupa n'kusweka, maso omatana, madontho aja atasanduka matuza akuluakulu. Pokuvula malaya ogonera, khungu la pamsana linatsalira pa nsalu.

Ndinakuwa, ndipo woyamba kulowa anali amake Shaibu, ufa uli m'manja. Sanafunse zambiri. Anakukulunga m'chitenje chawo chochapa, anaimitsa galimoto ya munthu amene sitinkamudziwa n'komwe, mpaka kuchipatala chachikulu m'tauni. Kumeneko sitinaime pamzere. Anamwino atangokuona anakunyamula okha. Anabwera adokotala, bambo wamfupi wa imvi pang'ono, wolankhula motsitsa. Anakuyang'ana m'kamwa, m'maso, pamsana, n'kutembenukira kwa ine kundifunsa mankhwala amene mwanayu wamwa masiku apitawa. Yankho, ndinanama. Ndinati panado basi. Ndinaopa kukalipiridwa pagulu, ndinaopa kuti andifunsa kumene ndinamutenga bakitirimuyo, ndiye wodi yonse idziwa za matenda anga, poti masiku amenewo ndinkabisabe. Mwana wanga ali gone khungu likusupuka, ine ndikuteteza nkhope yanga.

Adokotala aja sanakweze mawu. Anafunsanso kachiwiri, ine panado yemweyo. Ndipamene amake Shaibu anandigwira dzanja pamwamba pa chigongono, n'kufinya mpaka ndinamva kuwawa.

"Amake Yankho, nenani za m'chitini," anatero. "Manyazi mudzachita mawa, mwana ali moyo."

Ndinanena zonse, theka m'mawa theka madzulo, masiku asanu ndi limodzi, ndi shuga yemwe. Ndinadikira chimbama cha mawu, koma sichinabwere. Adokotala anangouza anamwino kuti mwanayu asapatsidwe chilichonse cha salufa, n'kundiuza kuti ndawathandiza, chifukwa pa mankhwala amene akanatha kukupatsa poganiza kuti ndi matenda ena, bakitirimu yemweyo akanatha kukhalapo. Ananenanso mawu amene ndimawatembenuzabe mpaka lero. Anati anthu ambiri amamwa mankhwalawa popanda vuto, koma alipo ochepa amene thupi lawo limawakana chonchi, ndipo palibe angadziwiretu. "Ngakhale ife tikanatha kumupatsa," anatero. "Kusiyana kwake n'kwakuti ife tikanakuuzani kuti zidzolo zikangotuluka musiye pomwepo, muthamangire kuno. Wa m'chitini sabwera ndi mawu amenewo."

Tinakhala m'wodi milungu itatu. Ankakusamala ngati munthu wopsa ndi moto, diripi ili pamkono, mankhwala a m'maso maola ochepa alionse, phala lamadzimadzi ndikukudontheza ndi kasupuni chifukwa pakamwa sipankatseguka. Ndinkagona pansi pa bedi lako pa katoni. Bambo ako atafika anaima pakhomo la wodi, chipewa chili m'manja, osatha kulowa, bambo wamkulu woyendetsa lole. Amake Shaibu ankabwera tsiku lililonse ndi chakudya, ndipo sanandikumbutsepo za nkhuku ngakhale kamodzi. Tsiku la khumi ndi chiwiri unatsegula maso onse awiri, unandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ndi timilomo tako ta nkhanambo kuti chidole chija chili kuti. Wodi yonse inaseka, ine ndinalira ngati mwana. Ndinachisoka ndi singano ya pamanja pomwepo, ndi chija chopanda mkono umodzi chimene wakana kuti nditaye. Potuluka adokotala analemba ndi cholembera chofiira pachikuto cha buku lako la kuchipatala kuti salufa ayi. Titafika kunyumba ndinakhuthulira chitini chonse m'chimbudzi, ndipo adokotala a pakhonde anapuma ntchito tsiku lomwelo popanda phwando lotsanzikana.

Koma bodza lina ndinalisunga. Anthu atafunsa ndinati anali katsabola woopsa, ndipo iwe utakula n'kufunsa za zipsera za pamsana pako ndinakuuzanso za katsabola yemweyo. Buku la mawu ofiira lija litadzaza ndinalibisa pansi pa nsalu m'kabati, ndipo m'mabuku atsopano ndinkangouza anamwino pakamwa, iwe usakumva. Ndinkati ndidzakuuza ukadzakula. Unakula, ndinati ukadzalemba mayeso. Unalemba, ndinati zotsatira zikatuluka. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa maso ako. Ndinkafuna ukhale ukundiona ngati mayi amene anagona pa katoni milungu itatu, osati mayi amene anagwira supuni. Onse awiriwo ndine, mwana wanga, ndipo ndikupepesa. Lero m'nsapato muja ndaona kumene manyazi anga amakutengera, ukanakameza wekha m'chipinda cha kukoleji, anzako n'kumati ndi chikuku.

Tsono nazi zoti uchite, ndipo usati amayi ayamba. Sabata yoyamba yomweyi, usanadwale, upite kukachipatala ka pakolejipo ukawauze kuti mankhwala a salufa amakuwenga, ndipo alembe m'buku. Kulikonse kumene udzapite, kaya n'chipatala cha boma, cholipira, kaya kogula mankhwala, uzinena wekha asanakufunse, ngakhale adokotala akhale otanganidwa chotani, ngakhale akhale mnyamata wooneka bwino woti ukuchita naye manyazi. Mankhwalawa ali ndi maina angapo, ena amati bakitirimu, ena kotirimokisazo, ndipo a ana amakhala amadzi otsekemera. Usadalire mtundu kapena maonekedwe a m'bulu. Chilichonse chimene wapatsidwa uzifunsa kuti muli salufa kapena ayi. Mnzako wogona naye chipinda umuuze tsiku loyamba, pamodzi ndi dzina lako. Ndipo ukadzamwa mankhwala alionse n'kuona zidzolo, zilonda m'kamwa kapena maso kufiira, usadikire kuti kuche bwino, usiye ndipo uthamange.

Palinso fansida, uja ankatipatsa wa malungo, amene masiku ano amapatsa amayi oyembekezera kusikelo. Nayenso ndi wa banja lomwelo la salufa, ndipo kwa iwe ndi mlandu womwewo. Ndikunena za kutsogolo kwambiri, wamva? Ndikunena za pambuyo pa gauni ndi chipewa cha makona anayi, pambuyo pa ntchito, pambuyo poti munthu wabwera ndi ankhoswe ake kudzagogoda pakhomo pano masana dzuwa likuswa mtengo. Sindikukutuma. Koma tsiku limenelo likadzafika, pamzere wa sikelo anamwino amagawa mibuluyo kuti umwere pomwepo iwo akuona, ndipo amayi ambiri amangomeza osafunsa. Iwe udzatsegule pakamwa kulankhula, osati kumeza.

Usadane nawo mankhwalawa ayi. Ine ndi bambo ako tikuyenda lero, tikukangana za wailesi, tikukuperekeza kukoleji, mbali ina n'chifukwa cha kam'bulu komweko. Kwa munthu amene adokotala amuyeza n'kumulembera, ndi mankhwala abwino zedi, amachiza matenda a m'chikhodzodzo, zithupsa, chifuwa china, bola amwe pa nthawi yake, amalize onse, ndi madzi ambiri. Choipa ndi chitini. Ndipo ndikukudziwa iwe, uli ndi mtima wanga womwewu wosapirira kuona munthu akuvutika. Mnzako akadzadwala m'chipindamo, udzamuphikire tiyi, udzamubwereke juzi, udzamuperekeze kuchipatala ngakhale mvula ikugwa. Koma mapilisi otsala a munthu wina usadzamupatse, ndipo iwe usadzalandire, angakhale akuchokera m'manja mwa munthu wokukonda. Amene anakupatsa iwe ankakukonda kuposa onse. Loveness umuuzenso zimenezi mwaulemu, ndi mwana wabwino, wangotsala pang'ono kutsegula chipatala chake.

Malangizo enawo azakhali ako akupatsa kale okwanira zaka zinayi, sindibwereza. Za anyamata ukudziwa, za mowa ukudziwa, kutchalitchi uzipita osati pa mayeso pokha. Juzi yobiriwira ndaiika pamwamba chifukwa ukatsika basi kuzizira kukulonjera usanalonjere munthu. Nyemba za kukoleji zikakutsegula m'mimba, umwe madzi a mchere ndi shuga aja, ndipo zikapitirira upite kuchipatala, sudzakhala woyamba.

Mibulu khumi ija ndaibwezera m'botolo mwanga, mwini wake ndine. M'sutikesi, mkati mwa chivundikiro, ndasokamo kathumba ka nsalu ya maluwa, ndipo buku lako lakale lija lili momwemo, mawu ofiira akuonekabe. Zipi ndakonza, ikuyenda ngati yatsopano.

Pansi pa zovala zonse upezanso chinthu china. Kuyambira uli Fomu 2 wakhala ukundipempha diresi yotsegula kumsana, ndipo ine ndakhala ndikukusokera zotseka mpaka m'khosi, n'kumakuuza kuti mwana wa telala wopemphera savala zoonetsa msana. Unkanditcha wachikale, tinakanganapo mpaka unakana kudya. Sunali msana wako umene ndinkabisira anthu, Yankho. Ndinkadzibisira ndekha, kuti ndisamaone ntchito ya manja anga ikuyenda pamsewu. Nsalu ya buluu ija unaisirira ku Limbe ndinakaigula mwezi watha kuti ndikusokere ina yotseka, koma lero nditachoka pabedi pako ndaidula mwina, ndipo ndaimaliza ndisanayambe kalatayi. Ndi yotsegula mpaka pakati pa msana, monga unkafunira. Bambo ako sanaione, ndipo zimenezo undisiyire ine.

Ukaivale. Zipserazo si zonyansa, zili ngati timadontho ta mvula pa fumbi, ndipo mwini wake ndi wokongola kuposa aperekezi onse amene ndinawasokerapo. Anthu adzakufunsa kuti unatani pamsanapa, poti anthu salephera kufunsa. Usadzati katsabola. Udzawauze kuti ndi bakitirimu, anandipatsa amayi anga ndili mwana, ndipo amandiwenga. Uuze aliyense wofunsa, mpaka koleji yonse itope nayo nkhaniyo. Ine manyazi ndachita okwanira, monga ananenera amake Shaibu, ndipo mwana ali moyo. Ndikufuna kuti tsiku lina ukadzadwala moti sungathe kulankhula, pakhale anthu khumi okuzungulira amene adzanene m'malo mwanga kuti uyu salufa ayi.

Kalatayi ndikupatsa basi ikamanyamuka, kuti ukaiwerengere kutali ndi nkhope yanga. Ukafika usangondiimbira kuti ndafika bwino. Undiimbire ukachoka kukachipatala kaja, undiuze kuti alemba. Ukatero, ngati mtima wako ulola, unditumizire chithunzi utavala diresiyo, utatembenuka.

Ndine mayi ako,
telala wa pakhonde, amene udokotala anausiya